Tsiku Limene Ndinaboola Nyanja

Ana inu, senderani kuno ndi malichero anuwo, mtedza tiziswa tikukamba. Iwe Pedulo, mtedza umene ukuponya m'kamwa ndi wambiri kuposa umene ukuika m'lichero, ndikukuona ngakhale diso limodzi lachita nkhungu. Marita, kalata ija uli nayo? Usaipereke kaye kwa aphunzitsi ako. Ndinamva dzulo ukuwerengera amayi ako, ndipo walemba bwino, Chipwitikizi chako chaposa changa chimene ndinachiphunzira ndi mbama za ku usilikali. Ukupempha akuluakulu a ku Mualadzi kuti atumize anthu ochotsa mabomba, adzatulutse magiranada awiri amene ali pansi pa dziwe la mbewu. Ndi maganizo abwino. Koma kalatayo isananyamuke, pali nkhani imene yakhala pakhosi panga zaka zonsezi, ndipo iyenera kudzera kutali, kunyanja yamchere imene inu mumangoiona m'mabuku.

Ndiyambe ndi dziwelo, chifukwa inu mumangolidziwa ngati malo oopsa amene amayi anu amakuletsani kusambako. Kale silinali loopsa. Mtsinje wathuwu khalidwe lake mukulidziwa: mvula ikatha umayenda bwino mpaka tikolole, kenako umayamba kuduka, n'kutsala maiwe apa ndi apo. Nthawi imeneyo mudzi wonse unkatsikira kumtsinje. Amuna tinkatchera mono, dengu lija la nsungwi limene nsomba imalowa koma potulukira osapaona. Inu simungaluke ngakhale limodzi, zala zanu zinazolowera kukanda telefoni. Amayi ankakokolola ndi madengu awo, ndipo m'maiwe ang'onoang'ono tinkasinjiramo katupe kuti nsomba ziledzere. Tinkapha osasiyako, popeza maiwe amenewo ankauma ndithu kukatentha, ndipo zimene tikanasiya ife akanadya ndi akakowa.

Koma dziwe lalikulu la pansi pa mkuyu silinkakhudzidwa. Lija siliuma, ndipo ndi mmene nsomba zinkadikirira mvula. Madzi oyamba akafika, zinkatuluka n'kukadzaza mtsinje wonse. N'chifukwa chake ankalitcha la mbewu, mofanana ndi chimanga chija timapachika kutsindwi kuti utsi uchisunge. Amene ankaliyang'anira anali apongozi anga, amayi a agogo anu aNaMbewe. Chaka chilichonse ankakathira ufa patsinde pa mkuyuwo n'kutchula mayina a makolo awo. Ife Akatolika sitinkathira nawo ufa, tinkangodutsa chapatali titavula chipewa, koma mbedza sitinkaponyamo. Pa nkhani ya dziwe, wa korona ndi wa nsembe ankamvana. Ine m'mudzi muno ndinabwera ngati mkamwini, mlendo wodzalima munda wa eni ake, ndipo pa nkhani za mudzi pakamwa panga panali podyera basi.

Nditangokwatira, ndisanakolole ngakhale kawiri, nkhondo inatipeza. Tsiku lina agogo anu anandituma ku Mualadzi kukafuna mchere. Inu mchere mumaumwaza pansi, ukatha mumathamangira pamsika apa. Nthawi imeneyo munthu ankayenda wapansi tsiku lonse chifukwa cha mchere wodzaza dzanja limodzi, ndipo ukasoweratu tinkatcheza chidulo cha phulusa n'kumanamiza lilime. Mcherewo sindinaupeze. Ndinapeza kamiyau, galimoto yaikulu ya asilikali a boma, ikunyamula anyamata, ndipo anandikweza ndi kathumba kanga kopanda kanthu. Mpaka lero agogo anu akafuna kundinyoza pagulu amati anandituma mchere ndipo ndinabwera nawo patatha zaka zisanu.

Za ku usilikali sindikambapo zambiri, si zokamba poswa mtedza. Ndinena chimodzi chokha, ndinali ndi dzanja. Ndili mwana ndinkalondera anyani m'munda wa bambo anga, ndipo mwala wanga sunkaphonya. Akuluakulu ataona mmene ndinkaponyera giranada, kabomba kaja kooneka ngati chipatso cha mpoza, anandipatsa ntchito ina imene sinalembedwe paliponse. Chakudya chikachedwa, ndipo chinkachedwa nthawi zonse, sarjentu, mkulu wa gulu lathu, ankandituma kumtsinje. Kuponya kamodzi, madzi n'kudumpha, nsomba n'kuyandama mimba zili m'mwamba. Anzanga ankandikonda chifukwa cha zimenezi, ndipo ine ndinkanyada. Inali mitsinje ya eni ake, mawa lake tinkakhala titapita.

Kenako anatitumiza kugombe la ku Nampula. Tinafika kukucha, matupi ataphwanyika ndi mabampu a pamsewu. Ndinali ndi mnzanga Bonifasiyo wa ku Nsadzo, munthu wamtali, woopa chilichonse kupatula chakudya. Tonse awiri madzi aakulu amene tinkawadziwa anali Zambezi wa pa Tete. Titatsika tinangoima kukamwa kuli yasa. Madzi opanda tsidya. Bonifasiyo anatunga m'manja kuti amwe, n'kulavula, n'kunena kuti pali munthu wathiramo mchere kuti atikhaulitse. Ine ndinakumbukira kathumba kanga kaja, ndipo ndinaseka ndekha.

Njala inali itatipweteka, choncho sarjentu sanachedwe. Anandipatsa magiranada atatu n'kuloza thanthwe limene linalowa m'madzi. Ndinakwera n'kuyang'ana pansi. Madzi anali oyera mbee, pansi ponse pakuoneka. Panali miyala imene sindinaionepo, ina yanthambi ngati chitsamba, ina yozungulira ngati maungu, ndipo pakati pake pankayenda tinsomba tamawanga kuposa zitenje za amayi anu za pa Natali, Khirisimasi ija. Kukongola kwake ndinakuona, ndisaname. Kenako ndinaponya katatu. Tinadya mpaka kumasula malamba, n'kugona pansi pa mitengo ya koko.

Amene anandidzutsa ndi Bonifasiyo, dzuwa lili paliwombo. Ankandigwedeza phewa.

"Mwale, dzuka. Waiboola."

"Ndaboola chiyani?"

"Nyanja. Yatha yonse."

Ndinadzambatuka. Kumene kunali madzi m'mawa kunali mchenga ndi miyala mpaka kutali. Ngalawa za asodzi zinali zitagona cham'mbali pouma. Madzi ankangooneka ngati kamzere kutali uko, ndipo ankapitirirabe kuchoka.

Iwe Pedulo ukuseka chifukwa aphunzitsi anakuuza kuti nyanja imapita ndi kubwera tsiku lililonse, akuti ndi mwezi umene umaikoka. Ife anatiuza ndani? Ife tinkadziwa za kwathu kuno, kuti ukafuna kuphwetsa dziwe umagumula mbali imodzi, madzi n'kutuluka. Ndaponya katatu, ndiye kuti mabowo atatu. Nkhaniyo inali yomveka bwino. Ndinayamba kuganiza za eni ngalawa zija, za zombo za boma, ndi za zimene sarjentu andichite akadzuka. Kumufunsa sitikanatha, kukanakhala kudziulula tokha. Tinagwirizana kuti tikatseke mabowowo mwakachetechete anthu asanazindikire. Tinatenga khasu limene tinalipeza kuseri kwa nyumba ina, ndi matumba awiri oti tidzazemo mchenga, n'kuyamba ulendo wokatseka nyanja.

Tikuyendayenda m'miyala muja, kusuzumira pa dzenje lililonse, tinakumana ndi mayi wina. Anali wamsinkhu wa amayi ako, Marita, nkhope atapaka zoyera monga amachitira akazi a kumeneko, dengu lili pamutu, m'manja muli kachitsulo kosongoka. Ankasaka polivu, kanyama kofewa ka miyendo isanu ndi itatu kamene kamabisala m'mapanga a miyala. Dzina lake sindinaligwire bwino mpaka lero, tinkangomutcha Mayi wa Chitsulo. Chinenero chake sitinkamva, chathu sankamva, ndiye tinakumana pa Chipwitikizi chothyokathyoka. Anatifunsa chimene asilikali awiri akufuna m'nyanja ndi khasu. Ndinamuuza zoona.

Sindinaonepo munthu akuseka chonchija. Anakhala pansi m'kadziwe, zovala n'kunyowa, misozi ikuchotsa zoyera zija kumaso. Anaitana anzake, nawonso anagwira nthiti. Bonifasiyo anabisa khasu kumsana ngati kuti zithandiza. Koma ali mkati moseka, mayiyo anafunsa ngati amene waponya mabomba m'mawa uja ndine, ndipo nditavomera, kuseka kunathera pomwepo. Anandigwira pamkono, ine msilikali wa boma, n'kundikoka ngati mwana wogwidwa akuba ndiwo. Ananditengera pansi pa thanthwe lija.

Ana inu, chimene ndinaona chinandichititsa manyazi kuposa kusekedwa kuja. Miyala yokongola ija inali itaphwanyikaphwanyika ngati mbiya yogwa pamutu. Tinsomba tating'onoting'ono tinali mbwee paliponse, tosatoleka, tosadyeka. Zimene tinadya ife zinali zochepa, zambiri sizinayandame, zinamira n'kufera pansi. Kumitsinje konse kuja sindinaonepo pansi pake, madzi ankandibisira. Apa nyanja inachita kuchokapo kuti ndione ntchito yanga.

Mayiyo anatola kanthambi ka mwala n'kundiika m'manja. Ndi zala ndi mawu ochepa anandifotokozera kuti miyala imeneyo ndi yamoyo, imakula. Analoza mfundo imodzi ya chala chake, kutanthauza kuti chaka chathunthu imangowonjezera pamenepo. Ndi nyumba za nsomba, ndi moswera, ndi mobisalira ana ake. Amayi ake ankagwira polivu pamalo omwewo, iyenso ana ake ankawadyetsa kuchokera pomwepo. Kenako ananena mawu amene ndinawamva onse, ngakhale Chipwitikizi chake chinali choipa kuposa changa.

"Madzi abwera masana ano, usade nkhawa. Izi sizibwera ine ndili moyo."

Madziwo anabweradi. Anatipeza tikadali panjira, mpaka Bonifasiyo anataya khasu la eni ake pothawa. Munthu uja anamwalira zaka zapitazi ku Nsadzo, ndipo nthawi zonse tikakumana pamsika ankandipatsa moni pondifunsa ngati mabowo aja ndinamaliza kutseka.

Kumeneko ndinakhala mvula ziwiri, ndipo nyanja ndinaikonda. Ndinaphunzira kudya nkhanu zazikulu ngati mbale, ndinaphunzira kudziwa nthawi poyang'ana madzi, ndinaonanso mmene amaumitsira madziwo padzuwa mpaka kutsala mchere wokhawokha. Koma ndinaionanso ikuvulala. Nkhondo inkathamangitsira anthu kugombe, alimi ngati ife, osadziwa za m'madzi. Ankadula mitengo ija yomera m'matope a mchere kuti aotche makala, pamene eni dziko ankati ndi mmene nsomba zimakulira. Ankakoka maukonde a maso ang'onoang'ono amene sasiya kanthu. Akamba a m'nyanja akabwera kudzaikira pamchenga, mazira ake tinkafukula, ndipo ine ndinadya nawo. Kutali kunkadutsa zombo zikuluzikulu zokokolola pansi, zimene palibe ankadziwa eni ake. Buku lako, Marita, likuti anthu akuwononga nyanja, ndipo silikunama. Koma nkhope zawo silinajambule. Ambiri amene ndinawaona ine sanali oipa mtima, anali ndi ana olira kunyumba.

Sarjentu ananditumanso kuponya kawiri konse, ndipo kukana kunalibe. Ndinkaponya pamchenga popanda miyala, nsomba n'kupezeka zochepa, mpaka anati dzanja langa latha n'kupereka ntchitoyo kwa wina. Sindinganene kuti ndinapulumutsa kanthu, winayo ankaponya pomwe wafuna. Tsiku lochoka ndinapita kukaona pansi pa thanthwe lija madzi atapita. Panali zibenthu zokhazokha zitachita ndere, ndipo Mayi wa Chitsulo anali atasamukira kutali ndi dengu lake.

Chimene chinandibweza kuno ndi kachitsulo kali m'ntchafu muno, kamene kamandiuza za mvula inu musanaone mtambo. Anandimasula ku usilikali, ndinakwera magalimoto operekezedwa ndi mfuti mpaka ku Tete, kwinako ndinayenda wapansi ndi ndodo. Lero mumakwera njinga yamoto, n'kumadandaula kuti matako akupweteka. Ndinanyamula mchere wa kunyanja m'kathumba. Agogo anu anaulandira, anauyang'anitsitsa, n'kunena kuti ndiwo zija zinapserera kalekale. Kenako analira, ndipo ine ndinalira nawo.

Mudzi ndinaupeza uli theka. Ambiri anali atathawira ku Zambia kudzera ku Cassacatiza, ndipo apongozi anga anali m'gulu lomwelo. Otsala tinkalima khutu lili kutchire, tikamva mfuti n'kuthawira m'mapiri. Pamwamba pa zimenezi panabwera chilala chija chachikulu, nkhondo itatsala pang'ono kutha. Chimanga chinauma chili m'mawondo. Tinadya mango aawisi owiritsa, tinadya mpama woviika masiku angapo kuti uchoke ululu, tinadya gaga amene kale tinkapatsa nkhumba. Maiwe onse anauma msanga. Linatsala la mbewu lokha, nalonso litatsika mpaka mizu ya mkuyu kuonekera, ndipo madzi akumwa tinkatunga momwemo.

Mlamu wanga Zakariya, mlongo wa agogo anu, ndiye anatsala akuyang'anira mbumba. Anali munthu wabwino, musamuganizire zoipa. Mwana wake wotsiriza, Rozita, mapazi anali atayamba kutupa. Tsiku lina m'mawa anabwera kwathu ndi kansalu n'kukamasula pamphasa. Munali magiranada awiri amene anawatola pamene panagona asilikali. Za dzanja langa ankadziwa, popeza ndine ndemwe ndinkazikamba podzitama nditangofika.

"Alamu," anatero, "ukonde tilibe, ndipo katupe sangagwire madzi akuya chonchija. Inu izi mumazidziwa. Mawa tikatenge nsomba zonse, tiyanike, ana apulumuke."

Ndinamukumbutsa kuti ndi la mbewu. Anandiyankha kuti mbewu amasungira anthu amoyo, ndipo amayi ake amene ankathira ufa ali kutsidya kwa malire. Kenako anawonjezera, osakweza mawu, kuti mkamwini amene sathandiza mudzi pa njala njira ya kwawo amaidziwa.  Kwathu kunali kutapsa, kopita ndinalibe, ndipo agogo anu anali ndi pakati pa amayi anu. Ndinaganiza za mapazi a Rozita. Ndinaganizanso za zibenthu zija za pansi pa thanthwe. Nsomba zoyandama zikanatidyetsa milungu iwiri kapena itatu, zomira zikanaolera pansi n'kuipitsa madzi okhawo amene tinkamwa, ndipo mvula ikanadzapeza mtsinje wopanda kanthu. Zonsezi ndinayesa kumuuza, koma iye anali asanaonepo pansi pa madzi monga ndinaonera ine. Ndinavomera.

M'mawa mwake anthu onse otsala anatsikira kudziwe ndi madengu. Ndinawalamula mwachisilikali kuti aliyense apite kuseri kwa chulu chija, agone chafufumimba, nkhope pansi, manja pamutu, ndipo wodzutsa mutu chitsulo chimudula. Anamvera, poti mabomba anali atawamva okwanira. Nditatsala ndekha ndinalowetsa magiranada aja m'phanga la mkuyu, n'kutola miyala iwiri yolingana nawo. Ndinafuula kuti ndikuponya. Chubwi. Chubwi.

Tinadikira. Kunali zii, njiwa yokha ikulira. Patapita nthawi ndinawauza kuti adzuke, nkhope nditaigwetsa, n'kunena kuti magiranadawo anali atalowa chinyontho, sanaphulike, ali pansi, ndipo aliyense wolowamo kapena wokokamo ukonde akhoza kuwadzutsa. Inde, Marita, tseka pakamwa, mungalowe ntchentche. M'dziwe muja muli miyala iwiri.

Pobwerera agogo anu ankayenda pambuyo panga ndi dengu lopanda kanthu. Titatalikirana ndi anthu anayankhula chapansipansi.

"AMwale, mwala wachiwiri uja unali waung'ono. Wina akanaona akanadziwa."

Kuchulu kuja iwo sanagone pansi ayi. Agogo anu sanamverepo lamulo langa chikwatirane, ndipo tsiku limenelo sanafune kuyamba. Ndinaima, ndikuganiza kuti akauza mlongo wawo.

"Tsopano ana a Zakariya muwadyetsa ndi inu," anatero, n'kundipitirira.

Ndinawadyetsa ndi mbedza. Ndinauza anthu kuti ine monga msilikali ndikudziwa mbali imene chingwe chingalowe popanda ngozi, ndipo palibe analimbirana nane ntchitoyo. Mwambo ndinauphwanya pamenepo, ndikuvomera, ndipo apongozi atabwera ndinawauza za mbedzayo. Ndinkawedza milamba ikuluikulu yokha, ing'onoing'ono ndinkabwezera. Woyamba unapita kwa Rozita. Nyumba zinali zochepa, ndinkazungulira, lero iyi mawa iyo. Sizinali zokhutitsa. Miyezi imeneyo ndinkadzuka ndi mantha tsiku lililonse, chifukwa mwana uja akanafa, ndikanadziwa ndekha kuti ndamupha ndi mwala. Zakariya sanandiyankhule mpaka mvula, ankati ndine msilikali wa pakamwa. Rozitayo ndi mayi uja wogulitsa matimati ku Nsadzo, msuweni wa amayi anu, amene njinga imalira akakwerapo.

Mvula itabwera, nkhondo inali itatha. Madzi oyamba atalowa m'dziwe ndinakaima pamwala wa kumunsi kwake, n'kuona nsomba zikutuluka, misana ili bii, zikukankhana pampata. Sindinasangalalepo chonchija, ngakhale tsiku la ukwati, agogo anu asamve. Obwerera kuchokera ku Zambia anapeza mtsinje wathu uli ndi nsomba, pamene mitsinje ina imene munaponyedwa mabomba munali achule okhaokha kwa zaka zingapo. Anthu ankachokera kutali kudzatchera mono kuno. Magiranada enieni aja ndinakawapereka kwa anthu osonkhanitsa zida ku Mualadzi, ndinati ndawatola m'munda.

Mufunsa chifukwa chimene sindinaululire mtendere utabwera. Ndinkafuna. Koma apongozi anamwalira, wothira ufa anasowa, ndipo ana amene anakulira kumisasa ya othawa nkhondo za dziwe la mbewu ankangozimva ngati nthano. Kenako kunabwera maukonde a udzudzu aja, amene amatipatsa kuti tigonemo koma ena amakokera nsomba. Ndinaona maiwe akusesedwa mtsinje ukadali kuyenda, mpaka mazira omwe. La mbewu lokha palibe ankaliyandikira. Miyala yanga inkagwira ntchito imene mwambo unali utatopa nayo, ndipo ndinaisiya igwire. Zakariya tinayanjana, tinakalamba limodzi, tinkasuta fodya pa mpando umodzi, koma anapita osadziwa. Chimenecho chimandipweteka.

Kupatula apo, moyo wanga sindiudandaula. Ndinaona nyanja, ndinabwera ndi miyendo yonse iwiri, munda ulipo, mkazi wosamva uja alipo, ndipo onani, ali kuseri kwa nkhokweko akunamizira kupeta pamene akumvetsera. Inu munakula mukudya nsomba za mtsinje uno osadziwa kumene zimachokera. Nthawi zina masana ndimapita kukakhala patsinde pa mkuyu, anthu amati mkulu uja akukalondera mabomba ake. Ine ndimangoonera milamba ikubwera kudzapuma pamwamba. Ina ndi yaikulu ngati ntchafu yanga.

Tsono kalata yako, Marita. Anthu ochotsa mabomba ndinawaona akugwira ntchito, ndi anthu osamala, sachita zongoganizira. Adzabwera ndi zipangizo zawo, adzafufuza pansi ponse, ndipo adzalengeza kuti mulibe kanthu. Adzakhala anena zoona. M'mawa mwake dziwelo lidzakhala lopanda mlonda. Sindikukuuza kuti uing'ambe, kalatayo ndi yako, ndipo bodza langali lakalamba pamodzi ndi mwini wake, silikhalitsa. Ndikungoti usanaitumize uyambe waganiza amene adzaime m'malo mwa miyalayo. Ngati mungathe kukhazika anthu pansi n'kuwauza chifukwa chimene ankalitchira la mbewu, ine ndidzaima pamaso pawo n'kuvomera kuti ndinawanamiza. Manyazi ndinawazolowera kalekale, ndine munthu amene anapita kukatseka nyanja ndi khasu.

Iwe Pedulo, wasiya kutafuna. Ukonde wa udzudzu uja unaubisa kuseri kwa khola la mbuzi ndinauona, ndipo sukununkha tulo, ukununkha nsomba. Mpaka dzulo unkaukoka kumunsi kokha, chifukwa kumkuyu unkaopa kuduka miyendo. Kuyambira lero ukudziwa kuti ukhoza kuukoka m'dziwe la mbewu kuchokera uku mpaka uko, ndipo palibe chidzaphulike. Ukhoza kudzaza madengu asanu tsiku limodzi, ine sindingakuthamangitse ndi mwendo uwu. Mayi uja anandigwira pamkono n'kundionetsa, ineyo ndakuonetsa ndi pakamwa, china ndilibe. Ukondewo sindinaukhudze, uli pomwe unausiya.